Kuika sampu m'kabati yothina pansi pa thanki ya makorali

Thanki ya makorali imakongola chifukwa zida zake zimabisala kwina. Pampu, hita, skimmer (chida chochotsa zonyansa m'madzi ndi thovu) ndi kathumba kosefera zinyalala zimakhala m'thanki yachiwiri yomwe ili pansi, m'kati mwa kabati, ndipo imeneyi ndiyo sampu. Madzi amasefukira okha kuchoka pamwamba kudzera m'paipi, amayeretsedwa pansipo, kenako pampu imawakankha kubwerera m'mwamba. Zimamveka zapafupi mpaka mutatsekula zitseko za kabati n'kupeza mzati pakati, mahinjesi atadya malo m'mbali, denga lili pafupi kuposa momwe mumaganizira.

Anthu ambiri akaona kuthinako amayamba kuwerenga zida zomwe angapanikizemo. Ine ndikuti yambani n'kuwerenga malo amene muwasiye opanda kanthu. Malowa ndi awiri: pothawira madzi magetsi akazima, ndi polowa dzanja lanu. Zida zibwere pambuyo, zitenge zotsala.

Yezani khomo, osati chipinda chokha

Titenge thanki ya masentimita 90 m'litali, 45 m'lifupi ndi 45 kutalika. Imalowa malita pafupifupi 180. Kabati ya thanki yotere nthawi zambiri m'kati mwake mumakhala masentimita 84 kapena kuposa pang'ono m'litali, 40 kulowa m'kati, ndi 65 kapena 70 kuchoka pansi kufika kudenga. Sampu ya masentimita 60 ndi 30 ndi 35 ikhoza kukhalamo bwinobwino. Funso ndi lakuti ilowera pati.

Ngati pakati pali mzati, khomo lililonse limatsala masentimita 38 kapena kuchepera. Mukalowetsa sampu chamutu, imagunda thabwa lakumbuyo isanazungulire. Mukaiyimika chilili n'kuilowetsa, imalowadi, koma pofuna kuigoneka mumapeza kuti kuchoka ngodya ina kufika ngodya yopingasa pali masentimita pafupifupi 70, ndiye imakakamira kudenga la masentimita 65. Zimenezi tepi yoyezera siyikuuzani msanga. Pezani makatoni, muwadule n'kuwamata ndi tepi kuti apange bokosi lofanana ndendende ndi sampu yomwe mukufuna, ndipo muyese kulilowetsa popanda kulipinda. Likapindika, dziwani kuti galasi likanasweka pamenepo.

Katoni ikakana, njira zilipo. Yabwino koposa ndi kulowetsa sampu thanki yaikulu isanakhale pa kabati, kudzera pamwamba kapena kumbuyo ngati kuli kotseguka. Ina ndi kupempha kalipentala kuti asandutse thabwa la m'mbali likhale chitseko chochotseka, atalimbitsa kaye mafelemu. Yachitatu ndi kugwiritsa ntchito timathanki tiwiri tating'ono, kamodzi kukhomo lililonse, tolumikizana ndi mapaipi awiri otakasuka chapansi. Ndikuti awiri chifukwa imodzi ikatsekeka ndi nkhono, kathanki koyamba kamasefukira. Chimene simuyenera kuchita ndi kugwetsa mzati wapakati thanki ili yodzaza. Lita imodzi ya madzi amchere imalemera kuposa kilogalamu pang'ono, ndipo mukaphatikiza galasi, mchenga ndi miyala, pamwamba pa kabatiyo pali makilogalamu oposa 200.

Muyezenso kutalika mosamala. Kapu ya skimmer imachotsedwa poikweza m'mwamba, ndipo mudzaichotsa kawiri kapena katatu pa sabata ili ndi madzi akuda onunkha. Pamwamba pa skimmer pakhale masentimita osachepera 5, kuposa apo n'kwabwino. Pakati pa mlomo wa sampu ndi denga pakhale masentimita 20 kapena kuposa, kuti mkono ulowe mpaka m'chigongono komanso pampu ituluke popanda kugwedeza china chilichonse. Sampu yaitali kwambiri imakopa chifukwa imasunga madzi ambiri, koma ikakutsekerani mpata umenewu mudzasiya kuitsuka, ndipo sampu yosatsukidwa imasanduka nkhokwe ya zinyalala zomwe mumafuna kuchotsa.

Madzi amene amatsika magetsi akazima

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Pampu ikaima, madzi a pamwamba sasiya kutsika nthawi yomweyo. Amapitiriza kusefukira mpaka atafika m'munsi mwa mano a bokosi losefukira, momwe madzi amalowa asanatsike m'paipi. Paipi yomwe imakweza madzi nayo imatembenuka n'kuyamba kuyamwa chobwerera, mpaka kamwa yake itatuluka m'madzi n'kumeza mpweya. Madzi onsewa amathera m'sampu, ndipo ngati mulibe malo amathera pansi m'nyumba. Amene timakhala kumene magetsi amazima kawirikawiri, ku Malawi, ku Zambia kapena ku Zimbabwe, tisamaone izi ngati ngozi ya kamodzikamodzi. Ndi ntchito imene sampu idzagwira mobwerezabwereza, mwina inu muli kuntchito kapena muli mtulo.

Masamu ake ngosavuta. Chulukitsani mulitali ndi mulifupi wa thanki yaikulu: 90 kuchulukitsa ndi 45 ndi 4,050, kutanthauza kuti sentimita iliyonse imene madzi atsike pamwambapo ndi malita 4. Akatsika masentimita 3, mwalandira malita 12. Sampu yathu ya 60 ndi 30 imadzaza sentimita imodzi ndi malita 1.8, choncho malita 12 aja akweza madzi masentimita pafupifupi 7. Onjezani madzi otsalira m'mapaipi ndi amene ali m'mimba mwa skimmer, omwenso amabwerera ikazima, mufika pa 8 kapena 9. Ngati sampu ndi yaitali masentimita 35 ndipo madzi ake amayenda pa 20, muli ndi masentimita 15 opanda kanthu, malita 27. Mpata umenewu musauone ngati malo otayika, ndipo musaudzaze.

Onaninso momwe kamwa ya paipi yobwezera madzi imasinthira masamuwa. Mukaimiza masentimita 8 pansi pa madzi, thanki idzatsitsa malita oposa 30, ndipo mpata wa malita 27 uja sukwanira. Choncho kamwayo ikhale pafupi ndi pamwamba, yomira sentimita imodzi kapena awiri basi. Ena amaboola kabowo ka mamilimita 3 kapena 4 pa paipiyo, m'munsi pang'ono mwa mzere wa madzi, kuti mpweya ulowe n'kudula kuyamwako. Kabowoka kamathandiza, koma ndere ndi mchere zimakatseka, nkhono nayo ikhoza kukhalapo pa nthawi yolakwika. Valavu yoletsa madzi kubwerera ndiyo sindiikhulupirira n'komwe m'madzi amchere: kamchenga kamodzi kapena kachigoba komera m'kati kamailepheretsa kutseka, ndipo imadontha pang'onopang'ono usiku wonse. Ikani zimenezi ngati mukufuna, koma sampu ikhale yotha kulandira madzi onse ngakhale zonsezo zitalephera.

Zipinda ziwiri n'zokwanira

Zithunzi za masampu akuluakulu zimaonetsa zipinda zinayi kapena zisanu. Pa masentimita 60, kugawa motero kumakusiyirani timabowo tomwe simungalowetsemo ngakhale burashi. Gawani pawiri. Chipinda choyamba, cha masentimita pafupifupi 40, chilandire paipi yotsitsa madzi, kathumba kosefera, skimmer ndi hita. Chachiwiri, cha masentimita 15, chikhale cha pampu yokha. Masentimita otsala pakatipo ndi a magalasi awiri otchinga thovu.

Galasi loyamba likwezedwe masentimita 3 kuchoka pansi kuti madzi azidutsa kunsi kwake. Lachiwiri limatidwe mpaka pansi kuti madzi azilidumpha pamwamba. Pakati pa awiriwa pakhale masentimita 2.5 kapena 3. Thovu limakonda kukwera, ndiye madzi otengedwa pansi amafika kwa pampu ali oyera, ndipo thanki yapamwamba sichita chifunga cha timathovu. Kutalika kwa galasi lachiwiri ndi kumene kumalamula kuya kwa madzi m'chipinda cha skimmer. Chifukwa cha ichi, gulani skimmer musanadulitse magalasi, muwerenge kuya kumene opanga ake akufuna. Zambiri zazing'ono zimafuna masentimita apakati pa 15 ndi 20. Madzi akazama kwambiri mukhoza kuikweza pa kathebulo kapulasitiki, koma akachepa palibe chochita kupatula kumatula galasi. Galasi loyamba lija lisafike pamlomo wa sampu. Lipitirire mzere wa madzi ndi masentimita 5, kuti kunsi kukatsekeka madzi adumphe pamwamba pake m'malo motayikira kunja.

Kwa odula magalasi pemphani galasi la mamilimita 5 kapena 6, lochepa ndi mamilimita 3 kapena 4 poyerekeza ndi m'kati mwa sampu, ndipo akupalireni m'mphepete kuti lisakuchekeni. Likathina kwambiri limakankha makoma mpaka kung'alula. Matani ndi silikoni wa mathanki a nsomba. Wa kubafa ndi kukhitchini amakhala ndi mankhwala opha nkhungu, ndipo mankhwalawo savomerezana ndi zamoyo za m'thanki. Pukutani galasi liume, ikani timatabwa kapena mabuku okutidwa m'pulasitiki kuti agwirizize mipata, matani mbali zonse, ndipo mudikire masiku awiri kapena mpaka fungo la viniga litatheratu. Silikoni sagwira bwino pa pulasitiki ya acrylic, choncho sampu yagalasi ipatseni zipupa zagalasi.

Ena adzakuuzani kuti sampu yopanda chipinda cholimamo ndere za chaetomorpha ndi yosakwanira. M'kabati yotakasuka chipinda chimenecho n'chabwino. M'kabati yothina chimakhala kachibowo ka malita atatu kapena anayi, kofuna nyale yakeyake yomwe imawonjezera kutentha ndi kumeretsa ndere pa skimmer. Phindu lake n'lochepa poyerekeza ndi malo amene chadya. Njira ya Berlin, yomwe inafala kuchokera kwa oweta a mumzinda wa Berlin m'zaka za m'ma 1970, imadalira miyala yamoyo m'thanki yaikulu ndi skimmer yamphamvu, ndipo makorali akhala akukula nayo kwa zaka zambiri. Mabakiteriya amene amaphwanya amoniya amakhala pa miyalayo. Ntchito ya sampu yaing'ono ndi kuchotsa zinyalala zisanawole ndi kusunga zida.

Amene amaweta mbuna za m'nyanja ya Malawi akhoza kutsata zonse zili panozi kupatula skimmer, yomwe sichita thovu lokwanira m'madzi opanda mchere. Malo ake aikemo masiponji ndi timiyala tosefera.

Mapaipi

Ngati thanki yanu inabwera yoboola kale, mwapuma. Ngati ayi, dziwani kuti galasi lolimbitsidwa ndi moto silibooleka. Limaphulika lonse kukhala timiyala. Mathanki ambiri amakhala ndi galasi lotere pansi, choncho funsani opanga, ndipo ngati n'kotheka boolani khoma lakumbuyo. Gulani kaye cholumikizira chodutsa pagalasi, chomwe m'masitolo amati bulkhead, muyeze bowo lomwe chikufuna. Cha paipi ya mamilimita 25 nthawi zambiri chimafuna bowo la mamilimita pafupifupi 45. Ntchitoyi ndi ya choboolera cha dayamondi, madzi akuthiridwa, thanki ili yopanda kanthu, ndipo ndi bwino kuisiyira munthu amene anazolowera. Mabokosi osefukira ongokoleka kumbuyo alipo, koma amadalira paipi yopindika yomwe imasiya kukoka ikadzaza mpweya, pampu n'kumapitiriza kuthira pamwamba. Kumene magetsi amazimazima ndimawaopa.

Paipi yotsitsa imodzi yokha, monga ya mtundu wa Durso, imagwira ntchito, koma imalira ngati mukuthira madzi ambiri, ndipo ikatsekeka palibe yoiwombola. Pa paipi yokhayokha yotere musaikepo valavu. Ngati malo alola mabowo awiri, tsatani njira ya Herbie. Paipi yoyamba imakhala yomira ndipo ili ndi valavu ya gate yomwe mumaipotokola pang'onopang'ono mpaka madzi azitsika opanda mpweya, mwakachetechete. Yachiwiri imaima pamwamba pang'ono, yotseguka, yodikira ngozi. Njira ya Bean Animal imawonjezera yachitatu, koma kumbuyo kwa thanki ya masentimita 90 ziwiri n'zokwanira. Paipi yoyamba ithere masentimita 2 kapena 3 pansi pa madzi a m'sampu. Yangozi ithere pamwamba pa madzi dala, kuti ikayamba kugwira ntchito phokoso likuitaneni.

Gwiritsani ntchito PVC. Chilichonse cha kopa kapena bulasi chisayandikire, chifukwa kopa amapha makorali, nkhono ndi nkhanu ngakhale ali wochepa kwambiri. Mapaipi atsike motsamira khoma lakumbuyo kuti kutsogolo kukhale kwa manja anu, ndipo pewani kuwagoneka mopingasa mtunda wautali. Zigongono za madigiri 45 zimayendetsa madzi bwino kuposa za 90. Pa paipi iliyonse ikanipo yuniyoni, cholumikizira chomasuka ndi dzanja, pamalo pomwe mungafikire. M'kabati yothina yuniyoni ndi imene imakulolani kutulutsa pampu kapena sampu yonse popanda sowo. Pakati pa pampu ndi paipi yolimba ikani kachidutswa ka paipi yofewa, ndipo pansi pa pampu muyale kamphira, apo ayi kabati yonse imalira ngati ng'oma.

Pampu isakhale yaikulu mopitirira. Madzi odutsa m'sampu akhale katatu mpaka kasanu kuchuluka kwa thanki pa ola, kutanthauza malita 540 mpaka 900 pa thanki yathu ija. Mafunde amene makorali amafuna amachokera ku timapampu ta m'thanki yaikulu, osati ku sampu. Nambala yolembedwa pa bokosi la pampu ndi ya madzi osakwera phiri. Pokweza mita imodzi ndi kanthu kudzera m'zigongono mphamvu imatsika kwambiri, ndiye onani tchati cha opanga. Pampu ya DC ndi yabwino pano chifukwa mumaichepetsa ndi batani. Ngati yanu ilibe batani, ichepetseni ndi valavu kumbali yotulukira madzi, osati yolowera.

Nthunzi, mchere ndi magetsi

Madzi amauluka ngati nthunzi koma mchere umatsala. Kuchepako sikuoneka m'thanki yaikulu kapena m'chipinda cha skimmer. Kumaonekera m'chipinda cha pampu chokha. Chipinda cha masentimita 15 ndi 30 chimatsika masentimita oposa 2 pa lita iliyonse, ndipo kutaya lita imodzi kapena awiri patsiku si zachilendo nyengo yotentha. Masiku awiri osathira, pampu yayamba kumeza mpweya ndipo mchere wakwera kupitirira muyeso wa 1.025 kapena 1.026 pomwe makorali amakondwa. Chida chothira madzi chokha, chomwe amati ATO, n'chofunika kwambiri pa sampu yaing'ono kuposa pa yaikulu. Chimathira madzi opanda mchere, osefedwa ndi makina a RO. Chigubu chake chikalephera kulowa m'kabati, chiikeni pambali m'kabokosi kakekake. Chikhale cha malita 5 mpaka 10, kuti ngakhale sensa itakakamira n'kuthira onse, alowe mu mpata uja ndipo mchere usatsike moopsa.

Hita igone m'chipinda choyamba momwe madzi satsika. Mahita awiri aang'ono amakwana mosavuta kuposa imodzi yaitali, ndipo imodzi ikakakamira yoyaka siphika thanki msanga. Cholinga ndi madigiri 24 mpaka 26. Kumadera otentha vuto limakhala lina: kabati yotsekeka imasunga kutentha kwa mapampu ndi chinyezi. Siyani kumbuyo kotseguka kapena boolani mabowo, muike kafani kakang'ono kotulutsa mpweya. Matabwa a MDF amafufuma akanyowa, choncho pakani penti yosalowa madzi m'kati monse, mumate silikoni m'ngodya zapansi, ndipo pansi pa sampu muyale kamphira kopyapyala pamalo osalala.

Masoketi asakhale pansi, ndiponso asakhale pamwamba pa madzi penipeni. Timadontho ta skimmer timauma n'kusiya mchere woyera womwe umakwawa pa waya mpaka kulowa m'pulagi. Akhomereni m'mwamba kumbali youma, kapena kunja kwa kabati ngati m'kati mulibe mbali youma. Waya aliyense atsike kaye m'munsi mwa soketi asanakwere kukalowa, kuti dontho loyenda pa wayayo ligwere pansi. Magetsi onse a thanki adutse pa chotetezera chomwe chimadula chikamva kuti magetsi akuthawira m'madzi, cha mamiliampu 30. Ngati simukudziwa ngati nyumba yanu ili nacho, itanani wamagetsi. Lembani dzina la chida pa pulagi iliyonse, chifukwa tsiku lomwe madzi akutayika simudzakhala ndi nthawi yolondola mawaya.

Kuyesa musanathire mchere

Sampu yomatidwa kumene iyesedwe panja kapena m'bafa, yodzaza madzi a pampopi, kwa tsiku lathunthu, chipinda chilichonse pachokha poyamba kuti muone ngati zipupa zikudontha. Ikapambana, ilowetseni, lumikizani mapaipi, ndipo muyese dongosolo lonse ndi madzi a pampopi omwewo.

Pampu ili yozima, dzazani thanki yaikulu mpaka madzi ayambe kusefukira, ndipo mupitirize kuthira mpaka sampu itsale masentimita 4 kuti idzaze. Yatsani pampu ndi skimmer, mudikire mphindi khumi kuti zonse zikhazikike. Pamene madzi aima m'chipinda cha pampu, jambulani mzere ndi cholembera chosafufutika. Umenewo ndi malire: pampu ikuyenda, madzi asadzapitirire mzerewo, kaya mukuthira inu, mwana wanu kapena mnansi amene mwamusiyira makiyi. Mzere wina wachiwiri, wa tsiku ndi tsiku, ukhale masentimita 2 kapena 3 m'munsi mwa mlomo wa galasi lachiwiri lija, kuti madzi asamagwe patali n'kupanga thovu latsopano. Sensa ya ATO ikhale pa mzere umenewu.

Tsopano zimitsani zonse pa soketi yaikulu, mutseke kabowo kodula kuyamwa kaja ndi chala kapena tepi, ndipo muyang'ane madzi akukwera m'sampu mpaka ataima okha. Dikirani mphindi 15, chifukwa kudontha kwapang'onopang'ono sikuoneka msanga. Kenako yatsani muone ngati paipi yoyamba iyambiranso kukoka yokha popanda inu kugwira valavu. Apa mudzaonanso khalidwe la skimmer: magetsi akabwera madzi akadali okwera m'sampu, imasefukira n'kubweza zonyansa zonse za m'kapu. Skimmer zina zili ndi batani lochedwetsa kuyaka. Ngati yanu ilibe, igulireni pulagi yochedwetsa ndi mphindi zisanu.

Chomaliza n'kuyesa ngozi ya mbali inayo. Pampu ikuyenda, tsekani valavu ya paipi yoyamba kotheratu, muone ngati paipi yangozi ikumeza madzi onse yokha. Ikalephera, chepetsani pampu mpaka ikwanitse. Kenako tsekani zonse ziwiri, chala chanu chili pa switchi. Pampu idzapopa madzi a m'chipinda chake mpaka kuyamba kumeza mpweya, ndipo madziwo akuyenera kukwana m'thanki yaikulu osafika pamlomo. Pa thanki yathu ija, masentimita 2 opanda madzi pamwamba amalandira malita 8, omwe ndi pafupifupi madzi onse a m'chipinda cha pampu. Akafuna kutayika, tsitsani mzere wa tsiku ndi tsiku, kapena kwezani pampu pa kathebulo kuti izisiya kupopa msanga, ndipo muyesenso.